Makapisozi Asanu Amene Sindinameze

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka m'chipinda 714, bedi la kuwindo. Bedi linalo lilibe munthu. Sikelo yati mapaundi 128. Masana alowetsa kapaipi pakati pa nthiti za kumanja, ndipo m'chifuwa mwatuluka madzi mamililita 900, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kupuma kwapepukako.

Kope lino ndi limodzi mwa makope osalembamo amene ndinachoka nawo ku labu tsiku limene anatipumitsa ntchito. Masamba ake ndi a timabokosi, ndipo lililonse lili ndi nambala. Malamulo ndi akale omwe aja: kulemba ndi inki, osang'amba tsamba, cholakwika uchidule ndi mzere umodzi kuti chiziwerengekabe.

Kwa amene adzaliwerenge: ndine Loretta Banaszak, zaka 66, wa kuno ku Philadelphia, wosakwatiwa ndipo wosadandaula. Khansa ya m'mapapo, mankhwala a mitundu iwiri alephera kale. Zaka 31 ndinagwira ntchito yopanga mankhwala atsopano. Mawa ndiyamba kumwa mankhwala a kafukufuku amene sanapatsidwe dzina, ali ndi nambala chabe, 4630. Ndinawapanga ndine. Sindikunena zokhala pa misonkhano ayi, ndikunena manja awiri awa, mabotolo agalasi ndi miyezi khumi ndi inayi. Kampani yathu itagulidwa, 4630 anagona mufiriji zaka zisanu ndi zinayi mpaka kakampani kena kanamudzutsa. Kumeneko ndilibeko gawo, n'chifukwa chake Dokotala Raghavan, mayi amene akutsogolera kafukufukuyu, andilola kulowa, atafunsa maloya kawiri.

Mantha alipo. Koma kunena zoona, matama akuposa mantha.

Lachiwiri, 4 Malichi. Tsiku loyamba la mankhwala

8:00, makapisozi atatu, onse pamodzi mamiligalamu 120, m'mimba mulibe kanthu. Magazi atenga 8:30, 9, 10, 12 ndi 4 koloko.

Ndinakweza kapisozi mmodzi kuwindo kuti ndione ufa wake. Wachikasu ngati kale. Tsiku limene ndinauona koyamba unali kachidutswa pansi pa botolo, kosakwana kudzaza chikhadabo. Nesi Luz, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, anaima ndi kapu ya madzi mpaka anatopa.

"Mayi Loretta, amenewo ndi omwa, si opembedza ayi."

Ndinameza.

Mlongo wanga Stash, wokonza mapaipi a madzi, wabwera ndi madonasi a jamu a pa bekale ya kwathu ku Port Richmond, poti lero ndi tsiku lodya zamafuta Lenti isanayambe. Wabweranso ndi botolo la madzi a manyumwa. Munthu wa zaka 61, ndinamuuza katatu pa foni kuti manyumwa amalepheretsa chiwindi kuchotsa mankhwalawa m'magazi. Akuti anaiwala, anangokumbukira kuti ndimawakonda. Ndamukalipira, kenako ndadya donasi imodzi ndi theka kuti asachoke nkhope itagwa. Botolo lija wamwa yekha ali chiimire.

Madzi m'chifuwa: 700.

Lachitatu, 5 Malichi. Tsiku 2

Nseru pang'ono, kusanza ayi. Wansembe wadutsa ndi phulusa, wandipaka pamphumi. Madzi: 650. Tulo tokhatokha.

Lachinayi, 6 Malichi. Tsiku 3

Bedi linalo lapeza mwini. Odessa Whitlock, zaka 70, anayendetsa basi ya mumzinda zaka 28, ndipo mawu ake akadali ofika kumpando wa kumbuyo. Khansa ya m'matumbo, yafika ku chiwindi. Asanavule n'komwe jasi anali atadziwa kale dzina langa, tchalitchi changa ndi chifukwa chimene sindinakwatiwire, chimene mwini wakene sindichidziwa bwinobwino.

Luz, pakamwa pake posasunga kanthu, wamuuza za 4630. Mayiyo anakoka katani n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa ngati ine ndi Apulofesa. Ndinati sindinaphunzitsepo munthu. Anati zimenezo alibe nazo ntchito, m'chipinda muno ndikhala Apulofesa basi. Ndinachita ngati zandinyansa.

Madzi: 560.

Lachisanu, 7 Malichi. Tsiku 4

Madzi: 480. Chiwindi ndi mtima zili bwino, atero adokotala.

Odessa akudikira kulowa m'kafukufuku yemweyu. Anamupatsa masamba makumi atatu oti awerenge, anawerenga awiri, enawo n'kukhazikapo kapu ya khofi. Ndamufotokozera ine. M'thupi muli timaselo, ndipo kalikonse kamadikira uthenga woti kagawikane. Uthengawo amapatsirana timapuloteni, aka kupatsa ako, ako kupatsa kena, mpaka ufike mkati. Mwa ine ndi mwa iye kamodzi kanawonongeka, kamangolamula kuti gawikana, gawikana, osapuma. Mankhwala anga ndi kanthu kakang'ono kosemedwa kuti kalowe m'kathumba ka puloteni yotsatira n'kuitseka pakamwa. Odessa anati ndiye kuti ndi loboti la pamsewu lokanirira pa girini, ndipo ine ndaimika wapolisi kutsogolo kwake. Zaka zonse zija sindinamvepo wa madigiri akuzinena bwino chonchi.

Ndamuuzanso za kayendedwe kake. Amatenga odwala atatuatatu. Gulu loyamba linamwa 30, lachiwiri 60, lathu 120, ndipo ine ndine womaliza m'gulu lathu. Masiku anga 14 akatha, madokotala akumana Lachiwiri pa 18. Ngati palibe amene wavulala akweza mulingo, ndipo gulu lachinayi ndi limene muli Odessa.

"Ndiye mukundilawira ndiwo," anatero. "Mukamva mchere wambiri mundiuze, Apulofesa."

Chakumadzulo abwera amuna ake, Bambo Cleophus, atagwira phewa la dikoni wa kutchalitchi kwawo. Shuga anawatseka maso zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Abweretsa nsomba yokazinga ndi chikondamoyo, zophika amayi a kwaya. Odessa ndiye amawayezera jakisoni wa shuga, amawawerengera makalata, amawayendetsa pa galimoto. Akuti maso a nyumba yonse ndi awiri ali pankhope pakewo.

Loweruka, 8 Malichi. Tsiku 5

Tiziphuphu tatuluka pamphuno ndi pachibwano. Luz anabwera ndi mafuta opaka komanso nkhope ya pamaliro. Ine ndinapempha kalilole. Khungu limadalira uthenga womwe uja, ndiye tiziphuphu ndi umboni woti mankhwala afika kumene tinawatuma. Ndawerenga 23. Odessa akuti sanaonepo nkhalamba yonyadira ziphuphu, ndingotsala n'kupeza mnyamata wopita naye ku dansi.

Madzi: 350.

Lamulungu, 9 Malichi. Tsiku 6

Madzi: 260. Mphamvu zilipo lero, ndiye ndilembe za agalu.

4630 anali ndi mkulu wake, 4417. Ameneyo ankasungunula zotupa mu mbewa mochititsa kaso, moti tinafika poguliratu vinyo wa chikondwerero. Titawapatsa agalu, sabata yachiwiri anayamba kugunda zitseko za makola awo. Madzi ankaunjikana kuseri kwa diso. Mabwana anati ntchito itsekedwe. Ine ndinakana, ndinapempha chaka chimodzi, ndipo ndinadya chaka ndi miyezi iwiri. Ndinapanga abale ake 213, mmodzimmodzi, kusintha apa, kuchotsa apo, ambiri anali zinyalala zenizeni. Womalizayo ndinamuika atomu imodzi ya fulorini pakona, kuti asamalowe m'diso. Agalu anamwa miyezi itatu akuona ngakhale ntchentche ikamadutsa. Gordon Pak, mnzanga wa tebulo loyandikana, anaitcha fulorini ya Loretta, ndipo dzinalo linakwera mpaka ku maofesi a mabwana omwe aja.

Anthu ena amasiya ana. Ine ndinasiya atomu imodzi pakona yoyenera, ndipo sindichita nayo manyazi.

Lolemba, 10 Malichi. Tsiku 7

Madzi: 110. Ndayenda mpaka ku chikepe ndi kubwerera, kawiri, osapumira panjira.

Adokotala amvetsera msana wanga nthawi yaitali. Akuti mpweya ukufika pansi pa phapo la kumanja, kumene sunafikeko kuyambira pa Khirisimasi. Anafuna kumwetulira koma anadzigwira, poti ofufuza salonjeza. Ine sindinadzigwire. Ndauza wokolopa, ndauza wobweretsa chakudya, ndaimbira Stash ali pansi pa sinki ya munthu, ndipo Odessa ndamuuza katatu. Kachitatuko wati ndisamale, mutu ungakule kuposa pilo.

Lachiwiri, 11 Malichi. Tsiku 8

Madzi: 70.

10:15. Ndili mkati molemba ndaona kuti mizere ya timabokosi pakati pa tsamba yapindika. Ndinapukuta magalasi. Ndinatseka diso lamanja: yopindika, ngati mpanda wawaya umene munthu watsamira. Ndinatseka lamanzere: yowongoka. Vuto lili m'diso lamanzere. Kope likakhala mainchesi 12 kuchokera pamphuno, popindikapo ndi timabokosi 4 m'lifupi, 3 m'litali. Malire ake ndajambula pa tsamba 19.

Ndikudziwa chimene chili. M'chipatala chonse chino mulibe munthu wochidziwa kuposa ine.

Lachitatu, 12 Malichi. Tsiku 9

Timabokosi 6 kwa 5. Pakati pali kamtambo kotuwa. Madzi: 40.

Adokotala anafunsa mafunso awo a tsiku ndi tsiku: nseru, m'mimba, mutu, maso. Ndinati maso ali bwino. Ndinanena ndikuwayang'ana, theka la nkhope yawo lili lokhota.

Dokotala wa maso anandiyeza ndisanayambe, ndipo adzandiyezanso pa tsiku la 28. Anatalikitsa chonchi chifukwa malipoti a agalu anati maso ndi otetezeka, ndipo pa malipotiwo pali dzina langa. Ndikanena, andichotsa pa mankhwala tsiku lomwelo, madzi abwerera, ndipo palibe china chondipatsa. Kakampani kaja kali ndi mankhwala amodzi okhawa, mawu oti maso akangolowa m'lipoti 4630 akhoza kubwerera mufiriji osadzatulukanso. Ndiyeno fulorini ya Loretta idzakhala nthabwala ya pa khofi. Pa zitatuzi sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri. Khoswe wakhala pa mkhate.

Lachinayi, 13 Malichi. Tsiku 10

Timabokosi 8 kwa 6.

Dzulo masana ndinachita masamu. Mankhwalawa amatsika ndi theka m'magazi pa maola 19 aliwonse. Ndikamamwa 80 m'malo mwa 120, diso lipuma, chotupa chikhalabe chomangidwa. Agalu aja nawonso ankachira tikawachepetsera. Ndinadzifunsa kuti ndani angadziwe mulingo woyenera wa mwana kuposa mayi wake.

8:00, ndameza awiri. Wachitatu ndinamusunga pansi pa lilime mpaka Luz atatuluka. Ndamukulunga m'kapepala, ndalembapo tsiku ndi ola, ndamuika m'chikwama cha magalasi. Kutaya sindingathe. Ku labu palibe chimene chimalowa m'bini chisanalembedwe.

Lachisanu, 14 Malichi. Tsiku 11

Awiri. Magazi atenga 8:30, 10, 12 ndi 4 koloko. Timabokosi 7 kwa 6. Madzi: 30.

Odessa wasaina mapepala ake olowera. Bambo Cleophus anapempha kuti tigwirane manja, anapemphera pemphero lalitali la Abaptisti, ndipo mkati mwake anatchula mlongo wathu Loretta amene akutilambulira njira. Ndinatsinzina ngati onse. Amen wanga sanatuluke.

Loweruka, 15 Malichi. Tsiku 12

Awiri. Timabokosi 6 kwa 5. Madzi: 30. Masamu anga akugwira ntchito. Sindikukondwa nawo.

Lamulungu, 16 Malichi. Tsiku 13

Awiri. Timabokosi 5 kwa 5.

Gordon wabwera ndi msuzi wa ndere za m'nyanja wophika mkazi wake, umene kwawo amapatsa odwala ndi amayi ongobereka. Wakalamba, khutu limodzi linasiya ntchito, koma miseche akadali nayo. Tinawerenga mabwana amene anamwalira ndi amene akuyenera kutero. Odessa anamukonda pompo, anamufunsa ngati Apulofesa analinso ovuta chonchi ku ntchito. Gordon anati pano ndafatsa.

Kenako anaona kope pa tebulo. Ku labu tsamba silikhala umboni mpaka mnzako aliwerenge n'kulemba pansi pake kuti ndawerenga, ndamvetsa, ndi tsiku lake. Zaka 19 masamba anga ankasaina Gordon, ake ndinkasaina ine. Anasainapo tsamba la tsiku limene ndinayatsa moto m'kabati yokoka utsi wa mankhwala, anasainapo masamba 212 a zinthu zolephera. Lero anangoseka, anatulutsa cholembera m'thumba la malaya mwa chizolowezi, n'kutambasula dzanja. Ndinalitsomphola kopelo mwamphamvu moti kapaipi kanandikoka m'nthiti.

"Iwe Loretta, muli makalata achikondi m'menemo?"

Ndinati ndi zanga zachinsinsi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana tiziphuphu, anayang'ana momwe ndinapendekera mutu kuti ndimuone ndi diso lamanja. Munthu ameneyu anawaona agalu aja.

"Tsamba limene ukulibisa ndi limene likufunika siginecha," anatero, n'kubweza cholembera m'thumba.

Msuzi ndamwa utazizira.

Lolemba, 17 Malichi. Tsiku 14

8:00, awiri. Wachisanu m'chikwama.

10:40 adokotala analowa akuyenda mopepuka. Zotsatira za magazi a Lachisanu zatuluka: mankhwala m'magazi mwanga ndi ochepa kuposa momwe ankayembekezera. Akuganiza kuti thupi likazolowera limawachotsa msanga. Gulu lachinayi ankafuna kulipatsa 160, koma poti palibe amene wadandaula ndipo m'magazi akuoneka ochepa, mawa apempha 240. Anatembenukira kwa Odessa n'kumuuza kuti msonkhano wa mawa ukavomereza ayamba Lolemba likubwerali.

Odessa anaomba m'manja. "Kawiri kuposa Apulofesa. Mwaona, asisi, ine ndi basi, inu ndi kagalimoto."

Ndinawerengera diso, chotupa, chiwindi ndi maola 19, koma ndinaiwala kuti magazi amene amanditenga amakalembedwa m'kope la anthu ena. Zaka 31 sindinalembepo nambala yabodza. Lachisanu ndinalemba zinayi ndi mkono wanga womwe, ndipo chifukwa cha manambala amenewo, mulingo umene unawononga diso langa pa masiku asanu ndi atatu anali kukauwirikiza kawiri kwa mayi amene amaonera anthu awiri.

Adokotala anali atafika kale pakhomo. Ndinawaitana. Sindinapemphe kuti akoke katani. Ndinatsegula chikwama cha magalasi, ndinayala timapepala tisanu pa tebulo motsatira masiku, ndinatsegula kope pa tsamba 19.

"Adokotala, ndakhala ndikukunamizani kuyambira Lachitatu. Diso lamanzere lili ndi madzi kuseri. Linayamba pa tsiku la 8, pa 120. Kuyambira Lachinayi ndikumwa 80. Magazi a Lachisanu musawakhulupirire."

Anawerenga ali chiimire, tsamba ndi tsamba. Makutu awo anafiira. Atamaliza anandifunsa funso limodzi lokha, kuti ngati ndinkafuna kubisa ndinalemberanji zonsezi. Ndinati pakamwa panatha kunama koma dzanja linakana. Anatenga timapepala tija ndi kope kuti akajambule masamba, n'kutuluka.

Katani anakoka yekha Odessa.

Lachiwiri, 18 Malichi

Lero palibe kapisozi. Luz anabwera ndi madzi okha, anandiyeza kuthamanga kwa magazi osandiyang'ana kumaso. Amufunsa mafunso ambiri chifukwa cha ine. Ndamupepesa. Wati wamva.

Dokotala wa maso: madzi kuseri kwa diso lamanzere, komanso kadontho kumanja kamene sindinakaone. Anaika chithunzi cha makina ake pambali pa zojambula zanga, malire ake anagwirizana ndendende. Anafunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Ndinati agalu. Akuti madziwo aphwa okha mankhwala akatha m'thupi.

Msonkhano unali 2 koloko. Adokotala anabwera 5 koloko, otopa. Aitanitsa anzanga awiri a m'gulu lathu, ndipo mmodzi amupeza ndi madzi omwewo kuseri kwa diso. Iyeyo ankaganiza kuti magalasi ake atha ntchito. Mulingo sukwera. Utsika pa 80, odwala asanu ndi mmodzi, maso kuyezedwa sabata iliyonse. 4630 sabwerera mufiriji. Chimene chamupulumutsa, akuti, ndi masiku anga asanu aja, chifukwa akuonetsa kuti pa 80 diso linkachira phapo lili louma.

"Musaganize kuti ndikukuyamikirani, Mayi Banaszak," anatero.

Ndinati sindikuganiza choncho. Linali bodza langa lomaliza.

Lachitatu, 19 Malichi

Madzi: 60. Timabokosi 4 kwa 3.

Andichotsa m'kafukufuku. Munthu amene anabisa mankhwala sangapitirize, yatero komiti yoyang'anira kafukufukuyu. Adokotala akuti anandimenyera nkhondo ola lathunthu. Ndinawauza kuti ndikanakhala pa mpando wa komitiyo ndikanagamula chimodzimodzi, ndipo ndi zoona. Atatuluka ndinalowa m'bafa, ndinatsegula mpopi, ndinalira.

Masana katani inatseguka. Odessa anali atakhala tsonga, magalasi ali pamphuno.

"Ndinakupemphani kanthu kamodzi kokha, kuti mukamva mchere mundiuze. Masiku asanu ndi limodzi mukundiona ndikuwerengera Cleophus makalata, inu duu."

Ndinati ndilibe chodzikanira. Anafunsa ngati ndinkaopa kufa kapena ndinkaopa kuti anthu anena kuti Apulofesa analakwitsa. Ndinati zonse ziwiri, koma chachiwiricho kwambiri. Anati bola ndanena zoona kawiri sabata imodzi, kwa wophunzira ngati ine si zochepa. Kenako anafunsa kuti ine ndiyambanso liti pa 80. Ndinamuuza kuti sindiyambanso. Anafunsa za mankhwala ena, ndinati kulibe. Anayang'ana botolo la madzi a m'chifuwa pansi pa bedi langa.

"Ndiye mukanangotseka pakamwa tsiku limodzi lokha, bwenzi mukumwabe."

Ndinati inde.

Sananene kuti wandikhululukira. Anangoti katani ikhale yotsegula, chifukwa windo lili mbali yanga ndipo iye sangakhale mumdima chifukwa cha uchitsiru wa munthu wina.

Lachisanu, 21 Malichi

Madzi: 180. Timabokosi 2 kwa 2. Tiziphuphu tikuuma.

Stash wabwera atapsa mtima, akufuna kukagogoda zitseko. Akuti achemwali, mankhwala ndi anu, akukanizani bwanji. Ndamuuza kuti ngati iye atamangira munthu mapaipi, sizitanthauza kuti azikasamba m'nyumbamo. Sanaseke. Wakhala pambali pa bedi ola lonse akupinda chipewa chake.

Adokotala andipempha kuti ndilembe lipoti la diso, tsiku ndi tsiku, ndi zojambula zake. Lilowa m'mabuku a kafukufuku pansi pa dzina loti Wodwala 3-03. Ndalemba masamba anayi, ndipo ndikhoza kunena kuti palibe wodwala anawapatsapo lipoti laukhondo chonchi.

Gordon wabweranso. Ndinamupatsa kope ndisanamupatse moni. Anawerenga zonse, ngakhale za iye mwini, n'kusaina tsamba lililonse. Atamaliza anati ndisiye kulira maliro a fulorini. Popanda iyo maso akanayamba kuwonongeka pa 30, iyo yakankhira khoma mpaka 120, ndipo pansi pa khomalo pali malo okwanira kuchiritsa munthu. Kenako anafunsa, ngati akungocheza, kuti fulorini yachiwiri ndikanaiika pati. Tinatenga kapepala kopukutira pakamwa. Tinakangana ola ndi theka, iye akuti kumanzere kwa mphete ya maatomu, ine ndikuti kumanzere chiwindi chiitafuna pa maola awiri. Odessa anati tikuchita phokoso ngati ana a sukulu kumpando wa kumbuyo. Kapepalako Gordon watenga, akuti atumiza ku kakampani kaja. Fulorini ili kumanja, pamene ndinanena ine.

Loweruka, 22 Malichi

Madzi: 260. Mizere yawongoka. Ku chikepe ndafika kamodzi, pobwerera ndinapumira pakhoma.

Lamulungu, 23 Malichi

Madzi: 330. Aphunzitsa Stash kukhuthula botolo, poti kapaipi ndipita nako kunyumba. Manja ake a mapaipi akudziwa ntchito. Ndatopa.

Lolemba, 24 Malichi

Anditulutsa lero. Ndinapempha kuti ndidikire mpaka 8 koloko idutse.

Luz analowa ndi kakapu ka makapisozi awiri, mamiligalamu 80, n'kupita ku bedi la Odessa. Bambo Cleophus anali atabwera m'mamawa, atavala tayi. Odessa anameza ndi madzi, Luz n'kumuuza kuti atsegule pakamwa, akweze lilime. Ndi lamulo latsopano m'wodi muno, ndipo manesi akulitcha la Loretta. Odessa anatulutsa lilime lonse akundiyang'ana, n'kunena kuti ndachititsa manyazi agogo a zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Ndinang'amba tsamba lomaliza la kope lino, losalembapo, ndinaika kadontho pakati, n'kumupatsa. Ndi tsamba loyamba kung'amba pa moyo wanga. Ndinamuuza kuti m'mawa uliwonse atseke diso limodzi, kenako linalo, mainchesi 12 kuchokera pamphuno, ndipo mzere ukangopindika aitane Luz ola lomwelo, asachite masamu. Anati masamu iye sawadziwa, n'chifukwa chake akadali ndi nzeru.

Ndikuvala jasi anandigwira mkono. Mawu aja ofika kumbuyo kwa basi anali atatsika.

"Apulofesa, mundiuze zoona kachitatu. Mankhwala anuwa ndi abwino?"

"Ndi abwino, asisi. Akanandilola ndikanamwa ine."

Sanandisiye mkono mpaka Stash atafika ndi mpando wamatayala.

Madzi lero: 400. Sikelo: mapaundi 124. Maso onse awiri: bwino.